Nduna Imene Idakana Kufunsa Amayi za M'thumba Mwawo

Anzanga, ambiri a ife tili ndi kachipsera pamkono, ka katemera wa BCG amene adatibaya tili makanda kutiteteza ku chifuwa chachikulu. Poŵerenga za katemera ameneyu ndidapeza dzina la dokotala wina wa ku Ireland, a Noël Browne, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikukangana m'kalasi mwathu ngati iwo adali ngwazi kapena munthu wamakani chabe. Ine ndili kumbali yawo, ngakhale zilipo zina zimene sindingawaikire kumbuyo.

A Browne adabadwa mu 1915 ku Waterford. Ali mwana, chifuwa chachikulu chidaloŵa m'nyumba mwawo, chidatenga atate awo, chidatenganso amayi awo ndi ena mwa abale awo. Masiku amenewo nthendayi inkapha anthu zikwizikwi ku Ireland chaka ndi chaka, ndipo mabanja ankabisa odwala chifukwa cha manyazi. Mwana wamasiyeyo adaphunzira ku England mwa chifundo cha anthu, ndipo banja lina lolemera la ku Dublin ndilo lidamlipirira maphunziro a udokotala ku Trinity College. Mu 1940 nayenso adadwala chifuwa chomwecho, koma adachira pakuti banja lija lidamlipirira chipatala chabwino. Tsono taonani: makolo ake adafa ali osauka, iye adapulumuka ndi ndalama za eni ake. Amene aiŵala zimenezi sangamvetse zonse zidatsatira.

Mu 1948 anthu a ku Dublin South-East adawasankha kukhala phungu wawo ku Dáil, nyumba ya malamulo ya dzikolo, m'chipani cha Clann na Poblachta. Tsiku lomwe adayamba kukhala m'nyumbamo adawaika kukhala nduna ya zaumoyo m'boma la a John A. Costello, ali ndi zaka 32. Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Browne sadazengereze. Adatenga ndalama zimene zinkasungidwa kuchokera ku juga ya mipikisano ya akavalo, namangitsa nazo zipatala za odwala chifuwa, natumiza makina a X-ray kukapima anthu kwaulere, nafalitsa katemera wa BCG. Imfa zidatsika kwambiri. Koma tinene zoona: sadachite okha. Mankhwala a streptomycin adafika nthaŵi yomweyo, ndipo mapulani ena adali atakonzedwa kale ndi akatswiri monga Dr James Deeny. Chimene a Browne adawonjeza ndi changu cha munthu woidziŵa nthendayo ndi thupi lake.

Mlandu udabuka mu 1950, pamene adafuna kuti amayi onse apakati ndi ana onse kufikira zaka 16 azilandira chithandizo cha chipatala kwaulere, popanda kufufuza ngati banja ndi losauka kapena lolemera. Bungwe la madokotala lidakana, poopa kutaya odwala olipira ndi kusanduka antchito a boma. Mabishopu a Katolika, pamodzi ndi Akibishopu John Charles McQuaid wa ku Dublin, adakananso, nati kusamala ana ndi udindo wa makolo, ndipo boma lisaloŵerere m'banja ndi kuphunzitsa amayi zosemphana ndi chikhulupiriro chawo. Nduna zinzawo zidabwerera m'mbuyo. Mu April 1951 mtsogoleri wa chipani chawo, a Seán MacBride, adawauza kuti atule pansi udindo. Adatuladi, koma adapereka kwa atolankhani makalata amene adalemberana ndi akuluakuluwo, kotero kuti dziko lonse lidaŵerenga zimene zinkanenedwa mseri. Patapita masabata oŵerengeka boma lidagwa, ndipo pachisankho a Browne adapambananso ngati phungu woima payekha.

Anzanga otsutsana nane amati: bwanji sadangovomera kuti chithandizo chaulere chikhale cha osauka okha? Akadatero akadakhalabe nduna, nachita zabwino zina zambiri. Mutu umodzi susenza denga, amatero. Mawu ameneŵa ndi anzeru, ndipo nkhaŵa ya mabishopu yoti boma lingakule mphamvu mpaka kulamulira za m'nyumba sinali yopanda pake. Koma ndifunse ine: kodi wosauka amadziŵika bwanji? Ayenera kupita kwa kalaliki, kuima pamzere, kunena zimene mwamuna wake amalandira, kuŵerenga ana ake ndi ngongole zake, kufikira kalalikiyo atakhutira kuti ameneyu ngwosaukadi. Aliyense wa ife amene adaimapo pamaso pa akulu kufotokoza chifukwa chake fizi yachedwa adziŵa m'mene mawu amakanira kutuluka pakhosi. Mayi wina amapirira manyazi amenewo. Wina amati, ndidikire mawa, kapena mwanayu apeza bwino. Ndipo pali wina amene amapezako pang'ono, wosati wosauka m'buku la kalaliki, komanso wosakwanitsa kulipira dokotala. Anthu amene ankabisa kale odwala chifuwa chifukwa cha manyazi, a Browne adadziŵa kuti adzabisanso umphaŵi wawo. Pamenepa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo kugonja pamenepa kukadakhala kusunga dzina la ntchitoyo n'kutaya mtima wake.

Kumene ndimawadzudzula ndi kwina. Adali munthu wovuta kugwira naye ntchito, wofulumira kuona mdani mwa aliyense wosagwirizana naye. Nduna zinzawo adazikwiyitsa asadazikope. Pa moyo wawo wandale adakhala m'zipani zisanu: Clann na Poblachta, Fianna Fáil, National Progressive Democrats, Labour ndi Socialist Labour Party, ndipo ziŵiri mwa izo adachita kuyambitsa nawo. Munthu akasamuka midzi isanu sitinganene kuti midzi yonseyo ndiyo yoipa. M'buku lawo la mu 1986, Against the Tide, adalemba mawu oŵaŵa za anthu ambiri amene adagwira nawo ntchito. Adakhala phungu nthaŵi zingapo kufikira 1982, namwalira mu 1997, koma unduna sadauonenso. Ndimadandaula ndikaganiza za zipatala zimene akadamangitsa akadakhala ndi lilime lofeŵa.

Komabe amene amati akadagonja, aone chimene kugonja kudabala. Mu 1953 boma la Fianna Fáil lidakhazikitsa lamulo lina la zaumoyo, litamvana ndi mabishopu. Kufufuza za chuma cha banja kudaloŵamo. Ndipo chisamaliro chaulere cha mayi ndi khanda, chimene a Browne ankafuna kuti chimperekeze mwana kufikira zaka 16, chinkathera pamene khandalo lakwanitsa masabata 6.