Musathamangire ku fotokope, yambani mwawerenga chimene akufuna

Amayi anzanga, pafupifupi msonkhano uliwonse wa bungwe lathu sipalephera mayi wondikokera pambali n'kundipatsira envelopu ya khaki. "Anamwino, tandionerani mapepala a mwana wangayu. Sukulu anamaliza kalekale, walembera ponseponse, koma ngakhale kuitanidwa ku intaviyu, ayi ndithu." Ndikatsegula ndimapeza zomwezomwezo: CV imodzi, yolembedwa chaka chimene mwanayo anatsiriza maphunziro, yochulukitsidwa pa fotokope ka 20 kapena ka 30 pa boma pa Dedza. Ndalama yake inachokera m'thumba la mbatatesi, mwinanso ku ngongole ya banki m'khonde.

Sindikubisirani, ntchito zikusowa. Sukulu zathu zikutulutsa anamwino ndi azamba ambiri kuposa amene boma ndi zipatala za CHAM zimalemba pa chaka, ndipo palibe CV, ngakhale yokongola bwanji, imene ingabale ntchito pamene palibe. Koma pa malo ochepa amene amatsegukawo, ana athu ambiri amagwa asanafike n'komwe pakhomo, ndipo chowagwetsa ndi pepala lawo lomwe.

Ndakhalapo kangapo m'gulu losankha anthu oti aitanidwe ku intaviyu pa chipatala china cha mishoni. Zimene zimachitika m'chipindamo si zachinsinsi. Patebulo pamakhala chidziwitso cha ntchito chija chinatuluka mu The Nation kapena The Daily Times, pambali pake mulu wa maenvelopu. Wina amawerenga zofunikazo chimodzichimodzi, ife n'kumachonga. Kodi ali ndi dipuloma imene tapempha? Kodi analembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo laisensi yake ndi ya chaka chino? Kodi anagwirapo ntchito ku matenite? Ndi kupeta basi, ndipo dzuwa silidikira. Ngati yankho labisala pa tsamba lachitatu, kuseri kwa dzina la sukulu ya pulaimale ndi mndandanda wa zimene mwanayo amakonda kuchita Loweruka, nthawi zambiri sitilipeza.

Inu amene mumagulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu pa Bembeke mukudziwa kale zimene ndikunena. Akaima wokazinga tchipisi mumamuonetsa zikuluzikulu. Akabwera mlimi wofuna mbewu mumamutulutsira zapakatikati, za maso abwino. Munda ndi womwewo, simunanamize aliyense, koma pamwamba pa ndowa mwaika chimene wogulayo wadzera. Nanga bwanji mwana akamafunsira ntchito timamulola kutumiza ndowa imodzimodziyo kwa aliyense?

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa anandipeza chaka chatha atatopa nako kulembera. Panali malo pa chipatala chaching'ono cha kumapiri kuno, ndipo chidziwitso chinanena poyera kuti akufuna mzamba wotha kugwira ntchito usiku popanda womuyang'anira pafupi, wololera kukhala kumudzi. CV yake inayamba ndi mudzi, mfumu yaikulu, mpingo, kenaka sukulu zonse kuyambira Sitandade 1. Za uzamba zinali mzere umodzi wokha.

Ndinamufunsa, "Mwana wanga, chimalizireni sukulu wakhala ukutani?"

"Palibe, Madamu. Ndimangothandiza mongodzipereka pa chipatala cha kwathu."

"Kuthandiza chiyani?"

Apa m'pamene zinayamba kutuluka. Miyezi 14 akuchezera ku leba, masiku ena yekha ndi mlonda. Amayi amene anawachiritsa anali olembedwa m'kaundula, tinatha kuwawerenga. Anaphunzitsa amayi obereka ana osakwana masiku kuwafungatira pachifuwa, njira ija ya kangaroo. Nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023 anagwira mu tenti ya odwala. Zonsezi iye ankaziyesa "palibe" chifukwa sankalandira malipiro.

Tinakhala pansi ndi chidziwitso chija, tikudula mzere kunsi kwa mawu aliwonse onena chimene akufuna. Pamwamba pa tsamba loyamba tinaika dzina, nambala ya foni, dipuloma, ndi nambala yake ya ku Council. Motsatira tinaika miyezi 14 ija, chiwerengero cha amayi, ndi kuti anazolowera ntchito ya usiku pa chipatala cha kumudzi. Sukulu ya pulaimale tinaichotsa. MSCE inatsala mzere umodzi. Masamba anayi anasanduka awiri. Anaitanidwa. Ntchitoyo anatenga wina wa zaka zambiri kumuposa, koma kanali koyamba kuti alowe m'chipinda cha intaviyu, ndipo wachiwiri kumuitana sanachedwe.

Dayosizi yathu yokhayi ikukwanira kutiphunzitsa kuti ntchito ya dzina limodzi siifanana. Mzamba wa ku Bembeke kapena ku Mtendere amalimbana ndi chisanu cha June ndi July, khanda lozizidwa, chibayo mwa ana. Mukatsika phiri kupita ku Mua ndi ku Mtakataka, kufupi ndi nyanja, malungo ndiwo amakula mphamvu, ndipo amayi oyembekezera ochepa magazi amachuluka. Wolembera kumtunda atsogoze zimene anachita pa chisamaliro cha makanda. Wolembera kunsi atsogoze za malungo ndi sikelo ya amayi. Bungwe logwira ntchito m'midzi likafuna namwino, limafuna kumva ngati amatha kuyankhula pamsonkhano wa mafumu, kulemba malipoti, kugwiritsa ntchito kompyuta, mwinanso kuyendetsa njinga yamoto. Munthu ndi mmodzi yemweyo, koma choyamba kuoneka chisinthe.

Mayi wina anandifunsa ngati kumeneku si kuphunzitsa ana bodza. Funso labwino, ndipo ndiliyankha mosapsatira. Kusankha choika patsogolo mwa zinthu zimene unachitadi si bodza. Kulemba chimene sunachite ndiye bodza, ndipo pa ntchito yathu bodza lotere limapha. Mtsikana akalemba kuti amadziwa kutsitsimutsa khanda lobadwa losapuma, kapena kuthandiza mayi amene akutaya magazi atachira, olemba ntchito amamukhulupirira n'kumusiya yekha usiku. Tsiku limenelo likafika, ambulansi ili kutali, pepala silimugwirira ntchito. Mayi wagona pabedipo akhoza kukhala mpongozi wanu. Choncho ngati chidziwitso chikufuna luso limene mwana alibe, asalilembe. Alembe chimene ali nacho choyandikira, ndipo m'kalata yofunsira ntchito anene kuti ndi wokonzeka kuphunzira. Ife ochonga timazindikira msanga CV yokopera kwa mnzake; nthawi ina tinalandira atatu ofanana mpaka pamene panalakwika sipelo.

Vuto limene ndimaliona kwambiri mwa atsikana athu si kunama, koma manyazi. Tinawalera kuti asamadzitame, ndipo tinachita bwino. Koma kulemba kuti "ndinachiritsa amayi akutiakuti m'miyezi yakutiyakuti" si kudzitama, ndi kupereka lipoti, monga momwe msungichuma wathu amawerengera ndalama za bungwe pamaso pa tonse. Anyamata sachita nazo manyazi zimenezi. Muwauze ana anu aakazi kuti mwawaloleza.

Ndipo nkhaniyi si ya ana okha. Ena mwa inu mumalembera ntchito yothandiza odwala m'mawodi, yophika, yosamalira ana ku sukulu ya mkaka, kapena yoyendera midzi m'mapulojekiti ngati a CADECOM. Mumati mulibe cholemba. Zaka 6 mukusunga buku la banki m'khonde popanda tambala kusowa, si cholemba chimenecho? Kuyendera odwala a mu mphakati, kuyeza ana pa sikelo pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, kuphikira anthu mazana pa mwambo wa parishi? Ntchito ikakhala yokhudza ndalama, tsogozani buku lija. Ikakhala ya odwala, tsogozani maulendo a mu mphakati. Lembani zaka, malo ndi chiwerengero, osangoti "ndine wolimbikira ntchito", pakuti mawu amenewo aliyense amalemba.

Anthu okuikirani umboni nawonso asankhidwe molingana ndi ntchito. Pa malo a uzamba, sisitala woyang'anira wodi amene anaona manja a mwanayo akugwira ntchito amaposa amalume ake a udindo waukulu ku Lilongwe. Kalata ya bambo mfumu ndi yofunika pamene aipempha, koma siilowa m'malo mwa laisensi. Ndipo muyambe mwawapempha anthuwo, n'zochititsa manyazi kuimbira munthu foni iye n'kumafunsa kuti, "Mwati ndani?" Nambala ya mwanayo ikhale yogwira, osati ya foni imene imakhala yozima sabata yathunthu podikira kutchaja. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize kangachepe kuti dzina lilowe pa mndandanda, sungani ndalama yanu.

Kulemba CV mwatsopano pa ntchito iliyonse kumadya nthawi, ndipo kusindikiza masamba awiri atsopano kumaposa mtengo wa fotokope. Komabe maenvelopu 5 olembedwa moyankha chimene afunsa sangakudyereni ndalama yofanana ndi 30 aja ongomwaza. Pamsonkhano wa mwezi wamawa ndidzakhala kumbuyo kwa holo tikatha Misa. Envelopu ija bweretsani, koma mubwere ndi mwini wake, cholembera, ndi chidziwitso cha ntchito imene akufunayo, chodula mu nyuzipepala kapena chojambula pa foni.