Lamulo lisiyanitse kusonkherana mafuta ndi matola

Msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma, msewu wa M1 umadzaza. Malole a mabelo andanda, ngolo zili m'mbali, akabaza akuzembazemba pakati, ndipo ife alimi tili pasiteji kuimika chilichonse choyenda. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimangotipitirira, muli dalaivala yekha. Sikuti onsewo ndi ouma mtima ayi. Ambiri amaopa funso la pa rodibuloko lakuti, "Anthuwa mwawalipiritsa zingati?"

Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti wonyamula anthu molipiritsa akhale ndi chilolezo, ndipo galimoto zotere timazidziwa ndi nambala yofiira. Pamenepo sindikutsutsa. Taika maliro ambiri a anthu okwera pamwamba pa matumba kumbuyo kwa lole. Vuto ndi lakuti pamsewu sizidziwika bwino kuti kuthandizana kumathera pati ndipo matola amayambira pati. Alimi anayi a kalabu imodzi ku Chatoloma akasonkherana ya mafuta kuti akaone m'mene fodya wawo wagulidwira, kodi achita bizinesi? Mwini galimoto amangodalira m'mene wapolisi wadzukira tsikulo.

Maiko ena wonyamula anzake amamupatsa mphotho. Ku America, pa msewu wa Shirley Highway ku Virginia, anapatula njira ya mabasi okha mu 1969, ndipo mu 1973 analola kuti muzidutsanso galimoto zokhala ndi anthu anayi kapena kuposa. Ku California njira zotere amazilemba chizindikiro cha dayamondi, ndipo zambiri zimafuna anthu osachepera awiri. Wolowamo yekha popanda chilolezo amalipira chindapusa. Ku Cape Town, msewu wa N2 uli ndi njira ya mabasi ndi maminibasi m'mamawa. Maganizo ake ndi amodzi: msewu uziwerenga anthu, osati galimoto.

Sindikupempha njira yotere ku Kasungu. M1 yathu ili ndi njira ziwiri, yopita ndi yobwerera, ndipo malo akapezeka ayambe kupatsidwa njinga ndi ngolo. Komanso lamulo longowerenga mitu lili ndi msampha wake. Ku Jakarta analamula kuti m'misewu ina galimoto izikhala ndi anthu atatu, ndipo anthu osauka, ena atabereka ana, anayamba kuima m'mbali kuti alembedwe ganyu yongodzaza mpando. Boma linathetsa lamulolo mu 2016. Kuno oitanira athu akanaizindikira ganyu imeneyo tsiku loyamba lomwe.

Chimene tikusowa n'chotsika mtengo kuposa phula. Nthambi ya boma yoona za pamsewu ilembe momveka kuti kusonkherana mafuta n'kololedwa, malinga ulendowo ukhale wa mwini galimoto, anthu asapose mipando, aliyense amange lamba, ndipo pasakhale kuitanira pasiteji. Makampani a inshuwalansi nawonso anene poyera ngati okwera otere ali otetezedwa pakachitika ngozi.

Eni maminibasi ndi ma Sienta adzati tikuwalanda chakudya pakamwa. Dandaulo lawo n'lomveka, chifukwa amalipira ziphaso. Koma wowapweteka ndi uja amazungulira tsiku lonse pakati pa Kasungu ndi Nkhamenya pa nambala wamba, osati mphunzitsi wa ku Mtunthama wotenga anzake awiri popita kuboma. Lamulo lomveka lingathandize apolisi kugwira woyambayo n'kumuleka wachiwiriyo.

Tagona pamizere ya mafuta kokwanira m'zaka zapitazi, ndipo ndalama zakunja zogulira mafutawo zambiri zimachokera m'zigafa zathu zomwezi. Lita yonyamula anthu anayi yagwira ntchito kuposa yonyamula mmodzi. Aphungu athu a ku Kasungu, itengereni nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo msika wina usanatsegulidwe.