Nyumba zakale za ku Joni zakonzedwa, koma mwana wa kumudzi akugona kuti?

Kale munthu akapita ku Joni, abale ankadikira kalata miyezi ingapo. Masiku ano mnyamata wa ku Domwe, ku Tsangano kapena ku Furancungo akangotsika basi pa Park Station mu mzinda wa Johannesburg, sabata isanathe watumiza kale chithunzi pa foni. Pa chithunzipo waima kutsogolo kwa chinyumba chosanjikizana chopaka utoto wowala, cha mazenera akuluakulu, pansi pake anthu akumwa tiyi pa timatebulo. Amayi ake amayenda nayo foniyo mudzi wonse, ati mwana wapeza pabwino. Koma chithunzi sichinena ngati mnyamatayo amagona m'nyumbamo kapena anangoimapo podutsa.

Mzinda wa Johannesburg unayamba m'chaka cha 1886 atapeza golide. Agogo ambiri a m'maboma ano a m'malire anakagwira ntchito m'migodi ya kumeneko, koma iwo ankagona m'makomboni a pa mgodi. Pakati pa tauni panali pa azungu: mabanki, maofesi, masitolo akuluakulu ndi mafakitale. Lamulo losankha malo okhala potengera khungu, la Group Areas Act, linathetsedwa mu 1991, ngakhale kuti anthu akuda anali atayamba kale kulowa m'tauni. M'zaka zimenezo makampani ambiri anasamukira ku Sandton, kumpoto kwa mzindawo, ndipo msika wa masheya unawatsatira m'chaka cha 2000. Eni nyumba ena anangozisiya osalipira madzi ndi magetsi. Zikepe zinaima, mipope inauma, ndipo anthu ena ochenjera anazilanda nyumbazo nayamba kutolera lendi ngati zawo.

Kenaka zinthu zinayamba kutembenuka. Kuyambira mu 2004 boma la South Africa linayamba kuchepetsera msonkho anthu okonzanso nyumba za pakati pa tauni. Mu 2008 mkulu wina wamalonda, a Jonathan Liebmann, anayamba kugula nyumba zakale chakum'mawa kwa tauni, kufupi ndi Jeppestown, ndipo deralo analitcha Maboneng, mawu a Chisutu otanthauza malo a kuwala. Nyumba zimene zinali zosungiramo katundu zinasanduka malo a amisiri ojambula ndi odyera, otchedwa Arts on Main. Fakitale yakale inagawidwa zipinda n'kukhala mafulati a Main Street Life. Mu 2020 pafupi pomwepo anatsegula Jewel City, malo amene kale amalonda a dayamondi ankagwirira ntchito kuseri kwa mipanda. Palinso nyumba ya Anstey's, yomangidwa m'zaka za m'ma 1930, imene inali ndi sitolo yaikulu pansi pake. Imatetezedwa ngati chuma cha mbiri ya dziko, ndipo m'menemo ndi mmene munkakhala a Cecil Williams, amene anamangidwa limodzi ndi a Nelson Mandela mu 1962, a Mandela akunamizira kukhala dalaivala wawo.

Zoonadi, kukhala m'nyumba yokonzedwa chotere n'kokoma. Poti zambiri zinali mafakitale ndi maofesi, makoma ake ndi ochindikala, denga lili patali, ndipo mazenera amalowetsa dzuwa lokwanira. Madzi ali m'nyumba momwemo, chimbudzi n'chogejemula, pakhomo pali mlonda usana ndi usiku. Munthu wogwira ntchito m'tauni amapita wapansi, osataya ndalama pa minibasi tsiku ndi tsiku monga amachitira okhala ku Soweto kapena ku Tembisa.

Komabe moyo wake si wa kumudzi. Pamwamba pa mutu pali banja lina, pansi pa mapazi palinso lina, ndipo onsewo mwina sadziwana ngakhale maina. Mtondo suloledwa chifukwa ungasokose anzako a pansi. Mbaula ya makala ndi yoletsedwa, nkhuku ilibe pogona, zovala zimayanikidwa pa malo amodzi okha amene eni nyumba anaika. Magetsi ndi ogula mayunitsi, akatha pakati pa usiku munthu amangogona mumdima. Chikepe chikawonongeka, mayi wa mwana kumbuyo amakwera masitepe mpaka nsanjika yachikhumi, thumba la ufa lili pamutu. Mlendo amalembetsa dzina kwa mlonda, ndipo m'nyumba zambiri chiwerengero cha anthu ogona mu fulati imodzi chimalembedwa pa pangano la lendi. Potero m'bale wongofika kuchokera ku Zóbuè sangangoyala mphasa pa balaza mwezi wathunthu monga amachitira kwa amalume ake ku Tete.

Chovuta chachikulu chili pa khomo lolowera. Wofuna fulati yotere amafunsidwa chiphaso kapena pasipoti yokhala ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo, pepala losonyeza malipiro a pamwezi, mapepala a ku banki, ndiponso ndalama ya chikole pamwamba pa lendi ya mwezi woyamba. Mnyamata wogwira maganyu a zomangamanga, wogulitsa tomato pamsewu kapena wosoka pa khonde la sitolo alibe mapepala amenewa. Chotero nyumba imene ankagonamo ikagulidwa kuti ikonzedwe, iye sabwereramonso. Amanyamula chikwama chake n'kukafuna malo m'nyumba ina imene sinakonzedwe.

Bwalo lalikulu loona za malamulo a dziko la South Africa linagamula mu 2011, pa mlandu wotchedwa Blue Moonlight, kuti khonsolo ya mzinda iyenera kupezera malo ongoyembekezera anthu osauka amene akutulutsidwa m'nyumba ndipo alibe kolowera, ngakhale wowatulutsayo atakhala mwini nyumba wamba. Chigamulocho ndi chabwino, koma malo oterowo ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna. N'chifukwa chake nyumba yowala ndi nyumba yamdima zimapezeka mu msewu umodzi, nthawi zina moyang'anana.

Za nyumba zamdimazo dziko lonse linazimva pa 31 Ogasiti 2023. Usiku umenewo moto unabuka m'nyumba ya Usindiso, pa nambala 80 mu msewu wa Albert ku Marshalltown, ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo ana. Pakati pa omwalirawo panali anthu ochokera ku Malawi ndi ku Tanzania. Nyumbayo nayonso inali ya mbiri: m'nthawi ya tsankho munali ofesi yopereka mapasi kwa anthu akuda, ndipo pambuyo pake munkasungidwa amayi ndi ana othawa nkhanza. Inali ya khonsolo ya mzinda, koma inasiyidwa mpaka inalandidwa. M'kati mwake anthu anamanga tizisakasa ta matabwa ndi makatoni, ndipo njira zothawira zinali zotsekedwa, kotero ena anachita kudumphira pa zenera. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi jaji wopuma a Sisi Khampepe linanena mu 2024 kuti khonsolo ili ndi mlandu chifukwa chosatsata malamulo ake omwe a chitetezo cha nyumba.

Ngakhale kumene kunakonzedwako zinthu sizinayende myaa. Kampani ya Propertuity, imene inayambitsa Maboneng, inagwa, ndipo mu 2019 nyumba zake zambiri zinagulitsidwa pa okushoni. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Alipo mabungwe ena, monga Johannesburg Housing Company imene inayamba mu 1995, okonza nyumba zakale kuti anthu a malipiro ochepa azichita lendi pa mtengo wotsikirapo, koma nakonso mapepala amafunika.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza mudzi. Mnyamata wa ku Joni ali ndi thumba limodzi. M'thumba lomwelo mumachokera lendi, chakudya, ndi ndalama ya feteleza, malata ndi sukulu ya achimwene ake aang'ono kuno. Foni za kumudzi zikachuluka, chimene iye amayamba kudula ndi lendi, chifukwa pogona pake palibe wa kumudzi amene amapaona. Amasiya chipinda cha madzi ndi magetsi n'kukalowa kachisakasa ka m'nyumba yolandidwa, kumene amaunikira kandulo ndi kuphikira pa sitovu ya parafini. Ndalama imafika ndithu ku Ulongué, anthu n'kumuyamika kuti ndi mwana wokumbukira kwawo.

Makolo ndi akazi otsala pakhomo angachite bwino kufunsa mafunso ochepa foni ikalira, asanatchule za ndalama. Kodi m'nyumbamo muli madzi a pa mpope? Magetsi ake ndi a mita kapena ndi ongokoka mawaya? Lendi amalipira ku ofesi yopereka lisiti kapena kwa munthu woima pa geti? Moto utabuka usiku, makomo otulukira alipo angati, ndipo ndi otsegula? Mayankho akakhala okayikitsa, ndi bwino malata adikire chaka chamawa, mwana ayambe wapeza pogona poyenera. Ndalama ya malata imabwereranso, koma maliro ochokera ku Joni amadutsa Beitbridge, Harare ndi Cuchamano m'bokosi, ndipo ndi mudzi womwewo umene umasonkha ya galimoto.