Madzi a pa Chia Sanama, Nanga Ife Ojambula?



Mwezi wathawu mnyamata wina wa m'kwaya yathu anajambula pa foni yake chithunzi choitanira anthu ku chikondwerero cha nyimbo. Anaikamo mlatho wa pa Chia, bwato la msodzi ndi dzuwa likutuluka. Pofuna kuonetsa chithunzithunzi cha zinthuzi m'madzi, anangokopera gawo la pamwamba, kulizondotsa, n'kulipaka mtundu wa buluu. Tonse tinaomba m'manja. Koma gogo wina, amene wakalambira pa nkhafi, anachiyang'anitsitsa nati: "Mdzukulu wanga, dzanja uli nalo, koma madzi awa si athu."

Ife tikuti gogoyu ananena zoona, ndipo mawu ake ndiye phunziro lathu sabata ino.

Mapulogalamu ojambulira monga Krita, ibisPaint ndi Photoshop amatha kuzondotsa chithunzi m'kuphethira kwa diso. Koma madzi sachita choncho. Chithunzithunzi cha m'madzi chimaonetsa chinthu monga mmene chikuonekera kuchokera pansi. Tikaima m'mphepete, m'madzimo timaona kunsi kwa mlatho, kumene maso athu paokha sakuona. Tikaima pa mlatho timaona ukonde ndi nsomba m'kati mwa bwato, koma m'chithunzithunzi chake mulibe zimenezi. Muli nthiti za bwatolo basi. Pafupi ndi mapazi athu madzi amationetsa matope ndi mizu ya bango, pamene patali amasanduka kalilole wa thambo. Kawirikawiri kakowa woyera amaoneka woderako m'madzi, ndipo bwato lakuda limaoneka loyererako. Mwera ukawomba, chithunzithunzi chimatalika, n'kuduka zidutswazidutswa. Zonsezi sizili m'batani la pa foni. Wofuna kuzidziwa akhale pansi m'mbali mwa madzi m'mamawa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina wina afunsa: kodi nkhani ya utoto ndi mafunde ikugwirizana bwanji ndi chikhulupiriro? Katekisimu wa Eklezia Katolika, ndime 2500 mpaka 2503, amaphunzitsa za choona, kukongola ndi luso pansi pa lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama. Apa Eklezia akutiuza kuti wojambula ndi mboni. M'chaka cha 1999 Papa Yohane Paulo Wachiwiri analembera kalata anthu aluso kuwakumbutsa kuti mphatso yawo ndi maitanidwe, ndipo ili ndi udindo wake. Masiku ano udindowu wakula. M'chaka cha 2023 anthu ambiri pa dziko lapansi anakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma, chikhalirecho chinali chopangidwa ndi kompyuta. Ngati makina atha kunama mokongola chotere, mkhristu wogwira makinawo ayenera kukonda choona koposa.

Tsono choona cha Chia n'chotani? Nyanjayi, ya masikweya kilomita pafupifupi 17, imalumikizana ndi nyanja ya Malawi kudzera pa ngalande yodutsa pansi pa msewu wa M5. Imadyetsa mabanja ambiri: asodzi, amayi ogulitsa nsomba pafupi ndi mlatho, alimi a mpunga. Koma nthawi ya dzinja mitsinje yochokera ku mapiri a Ntchisi imabwera itasenza dothi, chifukwa mitengo tadula ndipo tikulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje. Madzi amafiira, nyanja n'kumakwiririka pang'onopang'ono. Tikapaka buluu wa ku nyanja zakutali pamwamba pa madzi ofiirawa, tabisa bala limene likufunika mankhwala. Amene sanaone bala sathamangira kuchipatala.

Sitikunena kuti wojambula akhale kamera. Ali ndi ufulu wosankha, wochotsa ndi wowonjezera. Ku Mua, pa malo a luso a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa m'chaka cha 1976, osema ndi ojambula amaonetsa nkhani za Uthenga Wabwino ndi nkhope, zovala ndi midzi ya kwathu. Palibe amene amati akunama, chifukwa anayamba ayang'ana anthu awo mwachikondi, kenaka n'kugwira sompho. Cholakwa cha mnyamata wathu sichinali kugwiritsa ntchito foni ayi. Chinali kujambula madzi amene amawawoloka tsiku ndi tsiku osawayang'ana.

Pomaliza tidziyang'ane tokha. Buku la Genesis 1:27 limatiphunzitsa kuti tinalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Ndiye kuti ifenso ndife ngati madzi. Mtima wovunduka ndi bodza, nsanje kapena kudzionetsera pa Facebook sungaonetse nkhope ya Khristu, monga madzi a matope ndi mafunde saonetsa bwino thambo. Bata la mtima silibwera ndi batani. Limabwera ndi pemphero, kulapa ndi kupirira.

Sabata ino tikupempha aliyense wokonda kujambula apite pa Chia kawiri, m'mamawa kuli bata ndiponso masana mphepo itadzuka. Foni ikhale m'thumba kwa mphindi 15. Ayang'ane kaye, kenaka ajambule zimene waona, ndipo adzationetse ku mphakati. Mnyamata uja wayamba kale, ndipo madzi ake tsopano ali ndi matope.

Ambuye atsegule maso athu. Amen.