Anamwino a ku Chongwe azifunsanso za kubetcha

Kale wotchova njuga ankabisala kuseri kwa msika ndi makadi ake. Lero ku Chongwe njuga imayenda m'thumba. Mnyamata wogulitsa makala m'mbali mwa Great East Road amangodina Airtel Money kapena MTN, n'kubetcha mpira wa ku England kapena kandege ka Aviator, makala asanagulidwe n'komwe. M'malo omwera mowa makina a bonanza akumeza makobiri a anthu omwe agwira kale botolo m'dzanja linalo.

Ife tikuti bomali lisiye kuona nkhaniyi ngati uchitsiru wa achinyamata basi. Mu 2013 akatswiri a matenda a maganizo ku America anaika kutchova njuga kosaletseka m'gulu limodzi ndi uchidakwa ndiponso mankhwala ozunguza bongo. Bungwe la World Health Organization nalonso limakuwerengera ngati matenda m'ndandanda wake womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022. Njuga, mowa ndi mankhwalawa zimakoka mbali imodzi ya ubongo, ija imamva kukoma n'kufuna kubwerezanso.

Si onse obetcha amene amakodwa. Amene amagwa msanga ndi wopupuluma, wosaugwira mtima, yemwe akadyedwa sagona mpaka abweze yake. Winanso ndi wankhawa, amene amabetcha kuti aiwale mavuto. Ndipo chilala cha 2024 chinasiya ankhawa ambiri m'midzi ya Asoli. Mowa ndi chamba zimachotsa mantha otsala aja, munthu n'kuponya ndalama ya feteleza. Kukacha ali kwa a kaloba. Ngongole ikakula tulo timathawa, ndiye abwerera ku kachasu kuti agone. Ena pamenepa amayamba kuganiza zodzipha, ndipo pakhomo amangoti walodzedwa, poti ngongoleyo anaibisa.

Chidakwa chimadziwika ndi fungo komanso kudzandira. Wobetcha sanunkha. Akafika pachipatala amadandaula mutu, kusagona ndi mtima kugunda, n'kulandira mapiritsi osanena za foni yake. Pomwe abale amukwezera basi kupita ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama ku Lusaka, njinga ndi mbuzi zinapita kalekale.

Boma linaletsa mowa wa m'timapaketi wa tujilijili mu 2012, koma ludzu silinathe, linangosamukira kwina. Msonkho wa pa ndalama zobetchera, monga wa 10 peresenti womwe unaikidwa mu 2025, suchiza aliyense pawokha. Gawo la ndalamazo libwerere kwa anthu omwe akuzitaya, lilipire alangizi a zamaganizo m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Lamulo la umoyo wa maganizo la 2019, lomwe linalowa m'malo mwa lija la atsamunda la 1949, lisathere m'maofesi a ku Lusaka.

Pali chinanso chosafuna bajeti. Namwino amene amafunsa wodwala ngati amamwa kapena kusuta aonjezerepo funso lakuti, kodi mumabetcha, ndipo munakongolapo ndalama yobetchera? Khonsolo nayo iyendere malo a bonanza n'kutseka onse amene amalola ana asukulu. Tikupemphanso nduna za Amfumu Aakulu Nkomeshya Mukamambo II kuti mlandu wa bambo wogulitsa chimanga cha banja mobisa ukafika pabwalo, zifufuze kumene ndalamayo inalowera, ndipo ngati ndi njuga, zimutumize kuchipatala kuphatikiza pa chindapusa.