Mnyanga wa njovu ukasanduka mboni

Mu June chaka cha 2002, akuluakulu a padoko la ku Singapore anagwira kontena yodzadza ndi minyanga ya njovu yolemera matani oposa 6. Kontenayo inachokera kuno kwathu ku Malawi. Koma kodi njovu zochuluka chomwecho zinaphedwa kuti? Ambiri ankaganiza kuti minyangayo inasonkhanitsidwa kuchokera m'maiko osiyanasiyana.

Yankho linabwera kudzera mu DNA, chizindikiro cha chibadwa chimene cholengedwa chilichonse chimatengera kwa makolo ake. Samuel Wasser ndi anzake a ku University of Washington anali atatolera DNA ya njovu za m'madera ambiri a mu Africa, makamaka kuchokera m'ndowe zake. Popeza njovu za dera limodzi zimafanana chibadwa, iwo anayerekeza DNA ya m'minyangayo ndi ya m'ndowezo. Mu 2007 analengeza kuti njovuzo zinaphedwa makamaka ku Zambia, dziko limene msewu wodutsa pa Namitete umatilumikiza nalo. Monga magazi a Abele anafuulira kwa Mulungu, mnyanga nawo unaulula kumene kunachitikira mlandu.

Ena adzati: nzeru zimenezi zitithandiza chiyani ife, pamene njovu zikuononga minda ya alimi? Dandaulo limeneli n'lomveka. Njovu 263 zitasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, mabanja ambiri oyandikana ndi nkhalangoyo analira chifukwa cha mbewu zawo. Komabe, kusamala nyama ndi kuteteza mlimi zonse zimafuna chinthu chimodzi: kudziwa zoona, osati kungoganizira. Asilikali a zanyama ndi ochepa, ndipo ayenera kutumizidwa kumene kulidi vuto.

Chondidandaulitsa n'chakuti umboni umenewu unakapezeka kutsidya kwa nyanja. Kodi mwa ana a ku Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma mulibe amene angaphunzire ntchito imeneyi? Koleji ya Bunda sili kutali. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anatikumbutsa kuti cholengedwa chilichonse n'chamtengo pamaso pa Mulungu. Choncho inu amene muli ku sekondale, musathawe maphunziro a sayansi. Mboni ilipo kale. Akusowa ndi odziwa kuifunsa.