Sola yopindika ndi ya m'cola, si ya pa denga

Foni yozima siitana ambulansi. Mau awa amveka ngati nthabwala, koma kwa mai wapakati amene wayamba kutaya magazi pakati pa usiku ku mudzi wa m'cigwa ca Luangwa, ndi nkhani ya moyo kapena imfa. Nthawi zambiri netiweki imapezeka pa culu kapena pa kaphiri, nambala ya kucipatala ilipo, koma foni ya wothandiza zaumoyo m'mudzimo yatha moto.

Masiku ano nchito ya zaumoyo kumidzi yatsamira pa tizipangizo ting'onoting'ono: foni, tochi, makina opimira BP ndi kopanira pa cala kopimira mpweya m'magazi. Mu 2010 pulogalamu ya Mwana inayamba kutumiza pa foni zotsatira za magazi a makanda ku zipatala zakutali. Naonso odzipereka opima malungo m'midzi amatumiza malipoti ao pa foni. Tizipangizo tonseti tifuna magetsi ocepa cabe, koma tiwafuna tsiku ndi tsiku.

Kodi magetsiwo acokera kuti? Ku midzi yambiri ya ku Chama, Lumezi ndi Vubwi mawaya sanafike. Ndipo cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, cinaonetsa kuti ngakhale kumene mawaya anafika magetsi akhoza kuzima maola 21 pa tsiku. Dzuwa lokha ndilo silinasowe.

Apa ndi pamene sola yopindika ipezera malo ace. Sola imeneyi ndi yopyapyala, yokutidwa ndi pulasitiki m'malo mwa galasi, ndipo ilibe felemu yacitsulo. Ya mawati 100 imalemera pafupifupi makilogalamu 2, pamene yagalasi ya mphamvu yomweyo imafika 7. Yaing'ono ya mawati 20 imalowa m'cola kapena kumangidwa pa keliya ya njinga, ndipo ikakhala pa dzuwa labwino maola 5 ikhoza kudzaza mafoni awiri kapena atatu. Namwino wopita ku sikelo ya ana kumidzi yakutali angaiyale pabwalo m'mawa, pomaliza kupima ana foni ndi tochi zakhuta.

Ena amati sola zimenezi ndi kutaya ndalama cifukwa sizikhalitsa. Mau ao ali ndi coonadi. Sola yagalasi yabwino imagwira nchito zaka 25, koma yopindika sifika pamenepo. Pulasitiki yace imayamba kucita cifunga ndi dzuwa, ndipo ikapindidwa mopitirira, tizigawo tam'kati timasweka ngakhale kunja ioneke yabwinobwino. Ikamatidwa pa malata imatentha kwambiri, ndipo sola yotentha imapereka magetsi ocepa.

Koma zimenezi zingosonyeza kuti cida ciri conse ciri ndi nchito yace. Firiji ya katemera ifuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8 usana ndi usiku. Imeneyo ifuna sola zagalasi zomangidwa bwino ndi amisiri, ndipo palibe kiliniki yoyenera kuika katemera wa ana m'manja mwa sola ya m'cola. Malaiti a m'cipinda cobadwitsira naonso ndi cimodzimodzi. Sola yopindika ndi ya munthu woyenda, amene sanganyamule galasi pa njinga kapena kuoloka nalo mtsinje m'nyengo ya dzinja.

Kasamalidwe kace si kovuta. Iyalidwe pamalo popanda mthunzi, pakuti nthambi imodzi yokha imagwetsa mphamvu yace kwambiri. M'miyezi yozizira ipendekere kumpoto, kumene dzuwa limadzera. Pansi pace pazipita mphepo. Fumbi lipukutidwe ndi kansalu kofewa konyowa. Foni isasiyidwe padzuwa pamodzi ndi sola, cifukwa batire ikatentha imatupa ndi kufa msanga. Nzeru yabwino ndi kudzaza pawa banki masana, iri pamthunzi, ndipo iyo idzaze foni usiku kapena tsiku la mitambo.

Tsono funso lalikulu ndi lakuti, adzagula ndani? Odzipereka ambiri amalipira okha ndalama yochajitsa foni pa msika, kwinaku akugwira nchito yopanda malipiro. Zimenezi si zacilungamo. Maofesi a zaumoyo a m'maboma ndi mabungwe othandiza akamagawa njinga, majombo ndi mafoni, aikepo sola yaing'ono ndi pawa banki. Kupatsa munthu foni popanda comudzazira ndi kumupatsa khasu lopanda mpini.

Makomiti a zaumoyo a m'midzi naonso ali ndi mbali yao. Sola ilembedwe m'buku la katundu, wousunga adziwike, ndipo mfumu idziwitsidwe. Isasanduke malonda ochajitsa mafoni a mudzi wonse, kapena yoimbira wailesi pa tsiku la mpira. Komiti iyambe kusunga kangacepe, podziwa kuti pakapita zaka zowerengeka idzafunika yatsopano.

Pa ndondomeko ya ndalama za caka ca mawa, komiti iri yonse idzifunse funso limodzi: kodi mai akadwala usiku uno, foni ya m'mudzi muno iyaka?